Kusandutsa sitolo yakale kukhala nyumba ya loft ku Salima kapena ku Nkhotakota

Dzina loti loft, kutanthauza nyumba yogonamo ya chipinda chachikulu, chachitali denga, yokonzedwa kuchokera ku fakitale kapena sitolo yakale, linatchuka ku New York. M'zaka za m'ma 1960, akatswiri ojambula ndi osema a mumzindawo anayamba kuchita lendi mafakitale osiyidwa a m'dera la SoHo chifukwa anali otchipa, otakasuka, aatali denga ndiponso a mawindo akuluakulu. Poyamba ankagona momwemo mozemba malamulo, ndipo mu 1982 kunabwera lamulo lowateteza. Lero nyumba zomwezo mumakhala anthu a ndalama zawo. Ku Johannesburg zachitikanso chimodzimodzi m'dera la Maboneng.

Kwathu kuno nyumba zoterezi zilipo, kungoti timazidutsa osaziyang'ana kawiri. Tauni ya Salima inakula ndi njanji imene inafika mu 1935, ndipo inasiya masitolo akale a khonde kutsogolo ndi mashedi amene munkasungidwa thonje, mpunga ndi chimanga. Nkhotakota ndi tauni yakale kuposa apo, kuyambira nthawi ya a Jumbe, ndipo nayo ili ndi masitolo ndi nyumba za njerwa zimene zangokhala malo a mileme. Chimene mukugula m'nyumba yotere ndi kutalika kwa denga ndi kukhuthala kwa makoma. Zimenezi simungazipeze m'nyumba za masiku ano, ndipo ndi zimene zimaziziritsa nyumba mu Okutobala. Choncho ndalama zoyamba zipite ku denga, ku makoma ndi ku chinyezi. Matailosi ndi magetsi okongola adikire. Amene amayamba ndi matailosi amadzawagumula chaka chachiwiri.

Gawo loyamba: mapepala

Musanapereke ngakhale kwacha imodzi, kafufuzeni ku ofesi ya za malo kuti mudziwe mwini wake weniweni, zaka zimene zatsala pa lizi (chikalata chobwerekera malowo kwa zaka zoikika), ndi ngongole ya msonkho wa malo ngati ilipo. Masitolo ambiri akale ndi chuma cha masiye: mwini wake anamwalira, ana ena ali ku Lilongwe, ena kunja. Amene akukugulitsani akuonetseni chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho.

Lizi imanenanso ntchito ya malowo. Ngati inalembedwa kuti ndi ya malonda, muyenera chilolezo cha khonsolo chosintha ntchito ya nyumbayo kuti ikhale yogonamo, ndipo mapulani a zonse zimene mukufuna kusintha apite kumeneko. Nyumba ikakhala pafupi ndi malo a mbiri, monga mkuyu wa Livingstone, tchalitchi cha All Saints kapena mzikiti wakale ku Nkhotakota, funsaninso ku Dipatimenti ya Museums and Monuments. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kusintha nyumba yotetezedwa popanda chilolezo.

Gawo lachiwiri: kaioneni nthawi ya dzinja

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba yakale imaoneka bwino mu Ogasiti, koma zoona zake imanena pakati pa Januwale ndi Malichi. Pitani mvula itangokata, mutatenga tochi, sikuludiraiva, tepi yoyezera, makwerero ndi injiniya wa zomangamanga. Injiniya ameneyu si wongokometsera ulendo. Salima ndi Nkhotakota zili m'chigwa chimene mumachitika zivomezi, ndipo chivomezi cha mu Malichi 1989 chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima.

Yambani kunja. Onani kumene madzi a padenga akugwera ndi kumene akuthamangira. Misewu yakhala ikukwezedwa zaka zonsezi, moti masitolo ena tsopano ali m'munsi mwa msewu ndipo madzi amalowera pakhomo. Funsani anthu oyandikana nawo pamene madzi anafika mu 2024, chaka chimene nyanja inadzaza kwambiri ndipo dera la Dwangwa linasefukira. Anthu amenewa amadziwa kuposa wogulitsa.

Kenako kandani pakati pa njerwa ndi sikuludiraiva. Zikatuluka zofiirira zosungunuka ndi malovu, khomalo anamangira dothi. Zikatuluka zoyera zofumbutuka, ndi laimu. Yankho limeneli ndi limene lidzalamulire ntchito yonse ya makoma.

Ming'alu muiwerenge bwino. Yaing'ono ngati tsitsi imene ili pa pulasitala yokha si nkhani. Yoopsa ndi imene ikuyenda ngati masitepe motsata njerwa, imene ili pangodya pokumana makoma awiri, ndi iliyonse imene mungalowetsemo pensulo. Kuti mudziwe ngati mng'alu ukadakulabe, matani kachidutswa ka galasi kopyapyala mopingasa mng'aluwo, lembani tsiku pambali pake, n'kudikira miyezi itatu. Galasi likasweka, maziko akuyenda. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pa dothi la makande, limene limatupa ndi mvula n'kung'ambika m'chilimwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi itatu imeneyi ingakupulumutseni mamiliyoni.

Kwerani kudenga. Bayani mtengo uliwonse ndi sikuludiraiva, makamaka kumapeto kumene walowa m'khoma, chifukwa ndi kumene kumaola ndiponso kumene chiswe chimalowera. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu, moti mtanda umaoneka wabwinobwino koma ukagogoda umalira ngati ng'oma. Pomaliza, matani pulasitiki ya masentimita 50 mbali zonse pansi pa simenti, m'mbali mwake mutatseka ndi tepi. Pakatha masiku awiri, kunsi kwake kukakhala thukuta, ndiye kuti pansi pakukoka madzi.

Mukamaliza kuwerengera mtengo wa ntchito yonse, onjezeranipo gawo limodzi mwa magawo anayi. Nyumba yakale sinena zonse tsiku limodzi.

Gawo lachitatu: denga

Ntchito imeneyi ichitike pakati pa Meyi ndi Seputembala. Yambani ndi mileme. Musaiphe, ndipo musaigwire ndi manja. Dikirani madzulo ituluke, n'kutseka mabowo ndi waya wa maso ang'onoang'ono. Ndowe zake muzinyowetse kaye musanasese, mutavala chotchinga pamphuno, popeza fumbi lake limadwalitsa m'mapapo. Malata akakhala a asibesitosi, aja otuwa, okhuthala, osachita dzimbiri, musalole munthu kuwadula ndi gilainda kapena kuwaphwanya. Anyowetsedwe, amasulidwe athunthu, ndipo khonsolo ikuuzeni kokawataya.

Malata akale atachoka, mwapeza mpata wokhawo woika lamba wa konkire pamwamba pa makoma onse. Nyumba zambiri zakale zilibe lamba ameneyu, ndiye pachivomezi khoma lililonse limagwedezeka palokha. Kukula kwake ndi zitsulo zake anene ndi injiniya. Mathirasi, mitanda ija yolumikizidwa ngodya zitatu imene imanyamula denga, amangiriridwe ku lambayo ndi zitsulo, osati kungokhazikidwa, chifukwa mphepo ya kunyanja imasasula denga kuyambira m'mphepete. Malata atsopano akhale a mtundu wowala, amangidwe ndi masikuluu, ndipo atuluke kunja kwa khoma masentimita 60 mpaka 90.

Kukongola kwa loft ndi mathirasi oonekera, choncho siling'i yafulati ya masiku onse ija siikufunika. Koma malata opanda chotchinga ku Salima ndi uvuni. Kayalidwe kake n'kotere, kuchokera pamwamba: malata, mpata wa mpweya wa masentimita osachepera awiri ndi theka, pepala lonyezimira lobweza kutentha, thonje la kufakitale lotchinga kutentha (insulation) lokhuthala masentimita 5 mpaka 10, kenako matabwa a siling'i otsata kupendekeka kwa denga pakati pa mathirasi. Pepala lonyezimira likagundana ndi malata kapena kukutidwa fumbi silithandiza kwenikweni. Limadalira mpata uja. Pamsonga pa denga siyani potulukira mpweya wotentha, potchingidwa ndi waya kuti mileme isabwerere. Thonje lija limachepetsanso phokoso la mvula, limene m'chipinda chachikulu chotere limalepheretsa anthu kumvana.

Mitengo yakale ya mlombwa kapena mbawa imene ikadali yolimba musaichotse. Ipaleni, muipake mankhwala a chiswe ndi mafuta. Yotha kumapeto kokha ikhoza kulumikizidwa ndi zitsulo ndi mabawuti. Mitengo yotere simudzaipezanso pamsika, ndipo ndi yotetezedwa ndi malamulo a nkhalango.

Gawo lachinayi: makoma ndi chinyezi

Apa ndi pamene nyumba zambiri zakale zimaonongekera m'manja mwa amisiri abwinobwino. Mmisiri akaona pulasitala ikuyoyoka m'munsi mwa khoma, amagumula n'kumata simenti yamphamvu, pamwamba pake penti ya mafuta. Miyezi isanu ndi umodzi zimaoneka bwino. Kenako chinyezi chimatulukira pamwamba pa simentiyo, ndipo njerwa za kumbuyo kwake zimafumbutuka ngati ufa. Chifukwa chake n'chakuti makoma akale alibe chotchinga madzi m'maziko. Amakoka madzi pansi n'kuwatulutsa ngati thukuta. Mukatseka potulukira, madzi amakwera m'mwamba, ndipo mchere umene amanyamula umadya njerwa.

Choncho chepetsani kaye madzi amene akufika pakhoma. Dothi la kunja litsike masentimita 15 kuchokera pa mulingo wa pansi pa m'nyumba, ndiye kuti mizere iwiri ya njerwa. Mozungulira nyumba yalani njerwa kapena konkire ya mita imodzi yopendekekera kunja, ndipo madzi a padenga mupite nawo kutali ndi ngalande. Maluwa othirira asayandikire khoma. Kenako gumulani pulasitala yonse yoonongeka mpaka masentimita 30 kupitirira pamene pakuthera chinyezi, n'kulisiya khoma liume milungu ingapo.

Pomata, gwiritsani ntchito laimu: muyeso umodzi wa laimu, itatu ya mchenga. Mukafuna kuti igwire msanga, simenti umodzi, laimu iwiri, mchenga isanu ndi inayi, osapitirira apo. Samalani pogula. Laimu wa m'munda, uja wothira m'nthaka, ndi mwala wongopera ndipo sagwira ngakhale pang'ono. Wofunika ndi laimu womangira. Muviikeni m'diramu usiku wonse kapena masiku angapo mpaka akhale ngati phala lolimba. Amaotcha khungu ndi maso, ndiye amisiri avale magolovesi ndi magalasi.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala. Wa m'mbali mwa nyanja nthawi zambiri ndi wosalala kwambiri. Uyeseni m'botolo: mchenga masentimita 10, madzi pamwamba, khutchumulani, musiye usiku. Matope amene akhazikike pamwamba akapitirira mamilimita 6, mchengawo utsukidwe.

Laimu amalimba pang'onopang'ono ndi mpweya, osati ndi kuuma. Nyowetsani khoma musanamate, matani mosanjikiza kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse osakhuthala kuposa sentimita imodzi, ndipo phimbani ndi masaka onyowa kwa sabata. Mukamata masana a mu Novembala dzuwa lili pamutu, mawa lake mudzapeza zonse zitang'ambika.

Njerwa zoonekera, zimene anthu amazikonda m'zithunzi za ku New York, muziganizire kawiri. Za kumeneko ndi zolimba. Zathu zambiri zinaotchedwa m'uvuni wa nkhuni ndipo ndi zofewa. Yesani pa mita imodzi kaye. Zikakhala zofiira bwino, zosafumbutuka ndi chala, sankhani khoma limodzi la m'kati. Kolowolani pakati pa njerwa masentimita awiri ndi chitsulo cha pamanja, osati gilainda, n'kudzaza ndi laimu. Vanishi ayi: amatseka khoma ndipo amasuwa. Makoma otsalawo apakeni njereza, mopyapyala katatu kapena kanayi.

Mukafuna kukulitsa mawindo, chirikizani khoma kaye musanagumule, ndipo lintala, mtanda wonyamula khoma pamwamba pa windo, ikhale pakhoma masentimita 20 mbali iliyonse. Musaboole pafupi ndi ngodya kuposa mita imodzi. Pakhoma lomangira dothi, zitseko ndi mawindo pamodzi zisapose gawo limodzi mwa magawo atatu a khomalo m'litali pokhapokha injiniya atalimbitsa.

Pansi pakakhala simenti yofiira yakale yosang'ambika, isiyeni, ingofuna kutsuka ndi polishi. Ikalephera mayeso a pulasitiki aja, kumbani, thirani mankhwala a chiswe, yalani pulasitiki yokhuthala, konkire ya masentimita 10, n'kuthirira masiku asanu ndi awiri. Mipaipi yonse ya madzi oipa iyalidwe konkireyo isanathiridwe.

Gawo lachisanu: nsanja ya m'kati

Nsanja, chipinda cha m'mwamba chotseguka chimene chimayang'ana pabalaza, imapezeka m'nyumba zambiri za loft. Yambani ndi tepi. Pansi pa nsanja pafunika mamita 2.3, nsanja yeniyeniyo imadya masentimita 25, ndipo pamwamba pafunika mamita 2.1 kuti munthu aime. Zonse pamodzi ndi mamita 4.65.

Tiyerekeze shedi ya mamita 8 m'lifupi ndi 18 m'litali, makoma a mamita 4.2, msonga ya denga mamita 6. Poyang'ana msonga, malo alipo okwanira. Koma mtanda wa m'munsi wa thirasi iliyonse uli pa mamita 4.2, ndipo popondapo pa nsanja pali pa mamita 2.55. Pakati pake patsala mamita 1.65, ndiye kuti mtandawo uzikumenyani pamphumi. Apa kalipentala wina adzanena kuti angoudula. Musalole. Mtanda umenewo ndi umene umagwira makoma awiri kuti denga lisawakankhire kunja. Njira yake ndi kuika nsanja pakati pa mathirasi awiri, kapena pakati pa thirasi yomaliza ndi khoma la kumapeto, masitepe n'kutulukira m'kati mwa mpatawo. Mpata ukachepa, injiniya akonze thirasi ina yachitsulo yolowa m'malo mwake.

Nsanja iime ndi miyendo yake. Musaboole makoma akale kuti mulowetsemo mitanda. Imikani nsanamira zachitsulo, iliyonse pa maziko akeake a konkire, ndipo pakati pa nsanja ndi khoma pakhale mpata wa masentimita atatu kapena asanu. Pachivomezi chitsulo ndi njerwa zimagwedezeka mosiyana, ndipo zikalumikizana chitsulo chimagumula khoma. Nsanja ya chipinda chogona iwerengeredwe kunyamula makilogalamu osachepera 150 pa sikweya mita iliyonse. Matabwa a paini a mamilimita 50 ndi 150, otalikirana masentimita 40, amafika mamita atatu popanda chochirikiza. Kupitirira apo pafunika a 50 ndi 200 kapena mtanda wachitsulo pakati. Akhale ouma ndiponso othiridwa mankhwala. Paini wamuwisi amapindika, misomali n'kumalira usiku wonse munthu akamayenda. Kachingwe ka labala pakati pa chitsulo ndi thabwa kamathetsa phokoso lambiri.

Nsanja isaphimbe kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chipinda. Mukapitirira theka, mwamanga nyumba yosanjikiza ya zipinda zazifupi, ndipo kutalika kuja mwakutaya.

Masitepe a mamita 2.55 amafuna makwerero 14 a masentimita 18.2, popondapo masentimita 26, m'lifupi masentimita 90. Amadya malo okwana mamita 3.4 pansi, ndiye muwajambule ndi choko musanaitane wowotcherera. Onse akhale ofanana ndendende. Sitepe imodzi yosiyana ndi zinzake ndi imene imagwetsa anthu. Chotchinga cha m'mphepete mwa nsanja chikhale mita imodzi, mipata yake yosafika masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe, ndipo zitsulo zake zikhale zoimirira. Zopingasa mwana amakwera ngati makwerero.

Kutentha kumakwera m'mwamba, ndiye malo otentha kwambiri m'nyumba yonse ndi pamene mwaika bedi. Nsanja ikhale ndi windo lakelake lotseguka, ndipo windolo likhale ndi zitsulo zotsegukira m'kati kuti pakabuka moto pakhale pothawira.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mphepo, magetsi ndi madzi

Nyanja ili kummawa, ndipo mwera umachokera kummwera. Mawindo a m'munsi a mbali zimenezi alowetse mphepo, a m'mwamba a mbali inayo atulutse. Khoma la kumadzulo ndilo limaotcha nyumba madzulo. Litchingeni ndi khonde kapena mtengo wobzalidwa patali ndi maziko. Windo lililonse likhale ndi waya wotchinga udzudzu. Nkhungu zikatuluka m'nyanja zimathamangira kuwala, choncho nyali za panja zikhale patali ndi zitseko.

Kuziziritsa chipinda cha mamita 6 kutalika ndi makina n'kutaya mayunitsi. Pabalaza ikani mafani a kudenga pa mipaipi yaitali kuti atsike mpaka mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pansi. Makina oziziritsa akhale m'chipinda chimodzi chotsekeka.

Mawaya akale onse achoke. Wamagetsi akhale wa chiphaso cha MERA. Mawaya okhuthala masikweya milimita 1.5 apite ku nyali, a 2.5 ku masoketi, a 6 ku kuka, ndipo pabokosi pakhale chozimitsa magetsi chokha munthu akagwidwa, cha 30 mA, ndi ndodo ya ethi, yachitsulo yokhomedwa m'nthaka, yoyezedwa bwino, chifukwa mchenga wouma sulandira magetsi mosavuta. Musaseme makoma akale pokwirira mawaya. Adutse m'mipaipi yachitsulo yoonekera, yowongoka bwino. M'nyumba ya mtundu umenewu imaoneka bwino ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Siyani malo a invetala ndi mabatire pamalo opita mphepo, osati pansi pa masitepe amene ndi njira yanu yotulukira.

Bafa, chimbudzi ndi khitchini zikhale mbali imodzi, pansi pa nsanja, kuti mipaipi ikhale yaifupi. Paipi ya chimbudzi ya mamilimita 110 itsike masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Thanki ya malita 1,000 ikadzaza imalemera tani imodzi, ndiye ikhale pa nsanja yake kunja, osati pa mathirasi. Kufupi ndi nyanja madzi a pansi ali pafupi. Kumbani dzenje loyesera m'dzinja musanasankhe malo a septic tank, ndipo dzenje lomwera madzi ake litalikirane ndi chitsime mamita 30.

Gawo lomaliza: kuti mukhalike anthu

Loft ya ku New York anaiganizira munthu mmodzi kapena awiri. Khomo la kuno limalandira alendo. Apongozi sangagone pabalaza inu muli pamwamba pawo popanda khoma, mukumvana mpaka kutsokomola. Mangani chipinda chimodzi chotsekeka bwinobwino pansi pa nsanja kapena kumapeto kwina, chokhala ndi siling'i yakeyake, ndipo chitseko cha chimbudzi chisayang'ane pamene anthu amakhala kapena kudyera. Makoma atsopanowa akhale opepuka ndipo asafike kudenga, kuti mathirasi azioneka kuchokera kumapeto mpaka kumapeto.

Khitchini yotseguka ndi yabwino pa tiyi ndi mpunga. Mukakazinga usipa kapena utaka, fungo lonse limakwera kunsanja n'kukhazikika m'zofunda. Ikani chokoka utsi chokhala ndi paipi yotulukira panja, osati chongozunguza mpweya m'nyumba momwemo, ndipo sungani kakhitchini ka kuseri ka mbaula. Mbaula ya makala isalowe m'nyumba, ndipo silinda ya gasi ikhale panja m'kabokosi kopita mphepo.

Chipinda chachitali cha simenti ndi njerwa chimabweza mawu ngati tchalitchi. Mphasa ndi mikeka pansi, makatani aatali okhuthala, mipando yoluka ndi shelefu ya mabuku zimameza phokosolo. Katundu akhale wochepa koma wamkulu. Timipando ting'onoting'ono tambirimbiri timasowa m'chipinda chotere. Makabati musawagundike ku makoma akunja, siyani mpata wa dzanja kuti khoma lizipuma.

Mvula yoyamba ikagwa, zungulirani nyumba ndi tochi: pansi pa msonga ya denga, kumapeto kwa mitanda, m'munsi mwa makoma. Mukaona kanjira ka dothi ka chiswe, musangokachotsa. Katsateni mpaka kumene kachokera. Mchere woyera ukatuluka pa pulasitala yatsopano m'chaka choyamba, ndi khoma likuuma. Usesedwe ndi burashi youma, osathira madzi, ndipo njereza ibwerezedwe mu Meyi.